Foni Yosamva Chala Changa

Foniyo inafika Lachiwiri, m'kabokosi koyera, itatumizidwa ndi mwana wanga wamkazi amene anakwatiwa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Anali ndi pakati potopa. Anati, "Amayi, tsikulo likadzakwana ndikufuna mdzukulu wanu mudzamuone ndi maso, osati kungomva kulira kwake."

Ine ndine telala. Zaka makumi atatu ndakhala ndikupalasa mashini pakhonde la sitolo yogulitsa zitsulo, ndipo zala zanga zinauma ndi singano ngati chikopa. Kafoni kanga kakale ka mabatani kankandimvera, ukadina kadinika. Koma iyi ndi galasi lokhalokha, yoterera ngati sopo, yopyapyala moti ndinkaopa kuti ithyokera m'chikwama. Ndikaikhudza ine, zii. Akaikhudza wina, zithunzi waliwali kuthamanga.

"Foni yanuyi ndi yatsankho," ankatero a Chidendene, bambo wosoka nsapato amene timagawana naye khonde. "Imafuna zala za mu ofesi."

Lachisanu m'mawa inalira kamodzi. A Chidendene anapukuta manja pa ovolosi nkunditsegulira. Anali mawu ojambula a mkamwini wanga: "Amayi, tili kuchipatala, matenda ayamba. Zikatheka ndiimba pa vidiyo. Foni ikhale pafupi."

Kuyambira pamenepo mpando unayamba kundiwotcha. Ndinali ndi diresi la aphunzitsi ena, lofunika pokwana masana chifukwa ankakalandira nalo mphoto kusukulu kwawo. Foni ndinaiika pa mashini, koma ndikapalasa inkatsetsereka kulunjika pansi. Ndinaiika m'chitini cha mabatani, ikalira mabatani onse nkumaliranso. Ndipo inkalira kosalekeza! Phazi nkuima, ndikayang'ana ndi akampani akutsatsa nyimbo. Kachiwiri ikundiuza kuti kunja kukutentha, ngati ine ndili m'chitsime. Kachitatu ikufunsa ngati ndikufuna kuisintha kuti ikhale yatsopano, chinthu cha masiku atatu.

Ndinaimirira kukamwa madzi, ndinabwerako osamwa. Ndinafunafuna tepi yoyezera ili m'khosi mwanga momwe. Ndinkangokumbukira mmene ndinavutikira pobereka mwana yemweyo, masiku awiri athunthu, ndipo iyeyo chiuno anatengera ine.

A Chidendene atapita kukagula guluu, foni inalira kulira kwina, kwakutali. Nkhope ya mkamwini inadzaza galasi lonse, pansi pake kanthu kobiriwira kakudumphadumpha. Ndinadina. Palibe. Ndinadina mwamphamvu mpaka chikhadabo chinayera. Ndinanyambita chala nkudinanso, ndinayesa chala china, ndinaipempha ngati munthu. Inalira mpaka inatopa, nkhope ija nkuzimiririka.

Ndinayang'anitsitsa foni ili m'manja. Ankafuna kundiuza chiyani? Nkhani yabwino munthu amaimbanso nthawi yomweyo. Ndinadikira. Sanaimbe.

Ndinabwerera pa mashini chifukwa manja ankafuna chogwira. Ndinalumikiza mkono wa diresi, ndinasoka, ndinadula ulusi. Aphunzitsi anafika thukuta lili kamukamu, nsapato zazitali zili m'jumbo. Analinyamula diresi lija, nkulitembenuza kawiri.

"Amayi, mkono uwu mwausoka chotembenuza. Msoko uli kunja."

Zaka zonsezi sindinachitepo zimenezo, ngakhale ndili wophunzira.

"Pepani aphunzitsi, mutu suli pano."

"Mutu wanu ine ndiuvale? Mwambo ukuyamba thu koloko!"

Pomwepo foni inayambanso kulira kwakutali kuja. Ndinaitola nkuyamba kuibaya ndi chala, misozi ili lengelenge. Aphunzitsi anaponya diresi pampando.

"Musadine, kokani! Mukokere m'mwamba. Ayi, osati ndi nsonga, yauma imeneyo. Pindani chala, mukoke ndi mfundoyi."

Ndinakoka ndi mfundo ya chala. Inatseguka. Mwachizolowezi ndinaiika pakhutu.

"Amayi," anatero mkamwini, "tikuona khutu lanu."

Ndinaitsitsa. Ndinaona denga loyera, kenako mphuno ya mkamwini, yaikulu ngati chitseko.

"Bambo, mwana wanga ali bwanji? Nenani msanga."

"Ali bwino, amayi. Anavutika, koma zatheka. Wabadwa mwana wamkazi. Poyamba paja ndimafuna ndikuuzeni kuti alowa naye m'chipinda choberekera, ndiye anamwino anandiitana."

Chithunzi chinagwedezeka, kunaoneka makatani obiriwira, botolo la diripi, kenako mwana wanga atagona, milomo itauma, tsitsi lili nyankhalala. Anamwetulira osatsegula bwino maso.

"Amayi, mwayankha nokha?"

"Andithandiza aphunzitsi. Usayankhule, upume."

Anasuntha kansalu pambali pake. Kanthu kofiira, kamakwinya, kachibakera kali patsaya. Kanayasamula, ndipo chithunzi chinaima pomwepo, kakamwa kali yasa.

"Chachitika n'chiyani? Bwanji sakutseka pakamwa?" ndinakuwa.

"Ndi netiweki, amayi, si mwana," anatero aphunzitsi. Anali atasuzumira paphewa langa, mkwiyo uja ataiwala. A Chidendene nawo anali atabwera, guluu ali m'manja, akukankha mutu wawo pakati pathu.

"Mphumi ndi yanu ndithu," anatero. "Mwana wosalakwa."

Foni itaduka ndinaganiza kuti mtima ukhala pansi, koma ayi. Ndinali nditamuona, inde, mpaka timakwinya ta pakhosi. Koma sindinadziwe kulemera kwake, sindinamve fungo la pamutu pake. Ndinasisita galasi lija, linali lofunda ndi dzanja langa lomwe.

Aphunzitsi anakhala pa benchi, anatenga lezala nkuyamba kusomola okha msoko wolakwika uja. Ine ndinalumikizanso mkonowo bwinobwino, ndinasita, iwo nkukavalira kuseri kwa sitolo. Ananyamuka akuthamanga, akumanga lamba m'njira.

Ndinavundikira mashini dzuwa likadali pamutu, ndinapinda nsalu za makasitomala nkuziika m'katoni.

"Mukuweruka kale?" anafunsa a Chidendene.

"Ndikukafunsa basi ya mawa m'mawa. Akabwera ofuna zovala zawo muwauze kuti telala wapita kukanyamula mdzukulu."

"Adzabwera liti?"

"Muwauze kuti simukudziwa."