Nkhondo Imene Shaweji Analonjeza

Panali patatha theka la ola munthu wa mufilimuyo akungoyenda m'chifunga, ndipo Shaweji mawu anali atamuthera. Kwa zaka zisanu ndi zitatu iye ndiye ankamasulira mafilimu achizungu m'holo yamalata ya mayi wina dzina lake Bi Zuwena ku Kilwa, maikolofoni ili m'manja. Asodzi ankalambalala maholo ena awiri kudzamva iyeyo, chifukwa Shaweji akati mutu ugwa apa, mutu unkagwadi. Chinsinsi chake chinali choti filimu iliyonse ankayamba waionera yekha.

Iyi yokha sanaionere. Anangoona chithunzi cha pachikuto, msilikali wa m'nthano yamakedzana atavala zitsulo thupi lonse, lupanga lili m'manja, basi n'kulengeza msika wonse kuti Lamlungu masana kukhetsedwa magazi.

"Iwe Shaweji, mkuluyu akupita kuti?" anafunsa Chande, msodzi wosasunga mawu m'kamwa.

"Kunkhondo, achimwene. Khazikani mtima pansi, nkhondo ikubwera."

Msilikaliyo anafika pachitsime, n'kukhala pansi, n'kuyamba kuyang'ana m'madzi. Anayang'anamo mpaka mayi wogulitsa mtedza anapita kwawo kukatenga mtedza wina n'kubwerako. Kenako m'chitsimemo munatuluka mpando wopanda munthu, n'kumakwera kumwamba pang'onopang'ono.

"Umenewo ndi mpando wa mdani," anapeka Shaweji, thukuta lili kamukamu. "Nkhondo ikubwera."

"Ndasiya ukonde wong'ambika pamchenga kuti ndidzaonere mpando ukuuluka?" anatero Chande. "Ndikanafuna kuona munthu wongokhala osalankhula, ndikanapita kwa apongozi anga."

Anthu sanaseke kwenikweni, anali atakwiya. Shaweji nayenso mtima unamuwira. Anthu amene anapanga filimuyi anali ndi akavalo, malupanga ndi nkhalango yonse, koma anasankha kujambula chifunga. Ndipo iwo anali kutali kwawoko, amene ankatukwanidwa anali iyeyo.

Bi Zuwena anabwera n'kumunong'oneza. "Tiithamangitse, tikafike pankhondopo anthuwa asanandithyolere mabenchi. Ili chakumapeto eti?"

Apa ndi pamene Shaweji akanaulula. Koma maso onse anali pa iye.

"Chakumapeto," anayankha.

Bi Zuwena anadina batani. Chopweteka n'chakuti ataithamangitsa m'pamene msilikaliyo anayamba kuyenda ngati munthu wabwinobwino. Anawoloka mtsinje, anagona pansi pa mtengo wokhala ndi maso, anakalamba, kenako anakhalanso mwana. Pomaliza anakumba dzenje, n'kukwirira lupanga lija lisanadule ngakhale udzu. Mayina a anthu opanga filimu anayamba kukwera.

Chande anaimirira, n'kukutumula fumbi pansalu yake.

"Filimu yoipa timaidziwa, Shaweji, ndipo timakhululuka. Koma iweyo unaionera imeneyi?"

"Sindinaionere."

"Ndiye nkhondoyo unaitenga kuti?"

Shaweji anaika maikolofoni pansi. Anthu anatuluka akung'ung'udza, wina n'kumenya chibakera pamalata. Pofika Lolemba, dzina lake kudoko linali litasintha. Akamadutsa, azimayi opala nsomba ankafunsana mokweza kuti, "Ikubwera uja si ameneyu?"

Loweruka lotsatira Bi Zuwena anabweretsa filimu yomenyana yeniyeni. Shaweji anaionera katatu, chitseko atatseka. Anaima pakhomo n'kulengeza ndi mawu ake onse, koma asodzi anangodutsa kupita kuholo ya kuseri kwa msika. Analowa anthu asanu ndi mmodzi, Chande ali pabenchi yakumbuyo, manja atapinda.

Pakati pa filimuyo adani anabisala pamlatho. Shaweji ankadziwa bwinobwino kuti mutu ugwa pomwepo. Anakweza maikolofoni, n'kuyang'ana kwa Chande, n'kuitsitsanso. Anadikira mpaka lupanga litatsika.

"Wagwa," anatero chapansipansi, aliyense atadzionera kale.