Mvula ya m'siling'i

"Kwanga ndege sidutsa pa TV ayi, imadutsa pamutu," anatero Greyson pa bawo, mokweza kuti ndi odutsa omwe amve. "Phokoso lililonse lili ndi malo ake. Galu akauwa m'filimu, umatembenuka. Mvula ikagwa, imachokera kumwamba."

Abambo Josiah, eni mdadada umene Greyson ankachitamo lendi ku Area 25, sanadzutse mutu pa bawopo.

"Kumwamba kwake kuti?"

"Masipika anayi, m'siling'i."

"Siling'i ya ndani?"

Madzulo omwewo anakaona okha mabowo anayi, lililonse kukula ngati mbale ya ndiwo. Sanakalipe.

"Loweruka ndibwera kudzamva mvula yanuyo," anatero. "Ikagwa, mwaikongoletsa nyumba yanga. Ikapanda kugwa, mwangoiboola, ndiye mwezi ukatha musamuke."

Vuto linali lakuti mvulayo Greyson anaimva kamodzi kokha, kusitolo. Kunyumba, ndege, galu ndi mvula zinkatulukira pamodzi ngati wailesi ya m'minibasi.

Loweruka masana kunabwera Herbert, mmisiri wa kusitoloko. Abambo Josiah anafika ndi anzawo awiri a pa bawo. Herbert anaimika kamaikolofoni pampando wapakati, umene Greyson sankalola munthu wina kukhalapo.

"Makinawa ayenera ayambe aphunzira chipinda," anafotokoza. "Sipika iliyonse ilira payokha, aka kamvetsera. Ndikufuna mphindi ziwiri za zii. Ngakhale kutsokomola ayi."

Anadina. Sipika yoyamba inalira, yachiwiri inalira. Kenako kuseri kwa khoma kunamveka: thi, thi, thi. Anali Amayi Jemima a khomo lotsatira, akusinja mtedza wa nsinjiro zimene ankagulitsa kumsika. Makina anakana.

Anadikira. Munsi utapuma, Herbert anadinanso. Pa sipika yachitatu, thi, thi, thi.

"Folo koloko ndikufunika ku Area 47," anatero Herbert, akuyang'ana wotchi. "Kachitatu kakakanika, ine ndapita."

Greyson anatembenukira mkazi wake. "Sophie, takawauzeni asiye kaye."

"Pitani nokha," anayankha Sophie. "Pakamwa pake ndi pomwe paja."

Mdadada wonse unkaidziwa nkhaniyo. Chaka chatha amuna awo a Amayi Jemima anadwala kwambiri, atagona kuseri kwa khoma lomwelo. Mayiwo anagogoda kudzapempha Greyson kuti atsitse wailesi. Iye anayankhira pawindo kuti amalipira lendi kuti azimvera nyimbo m'nyumba mwake. Patatha milungu iwiri bamboyo anamwalira. Kuyambira pamenepo makomo awiriwa sanapatsanenso moni.

Abambo Josiah anayang'ana mabowo aja, limodzilimodzi, ngati akuwerenga masiku otsala m'mwezi.

Greyson anatuluka. Onse anamutsatira, pakuti zoterezi munthu samvera kwa ena.

Mtondo unali pakhonde, utagundana ndi khoma.

"Odi, Amayi."

Thi.

"Timapempha mungosiya kaye mphindi ziwiri. Tili ndi ntchito ya ukadaulo."

"Ndimalipira lendi kuti ndizisinja pakhomo panga," anatero Amayi Jemima. Thi.

Mmodzi wa a pa bawo anakanda chibwano. "Za ndevu za mnzako zija, akuluakulu sananame. Lero zikupsa ndi izi."

Herbert anayang'ananso wotchi. Greyson anayang'ana Sophie, koma Sophie ankayang'ana nkhuku. Ndiye bambo uja, amene ndege zimadutsa pamutu pake, anavula kapusi n'kunjuta pafumbi.

"Ndinalakwa," anatero chapansipansi.

"Kwezani. Si inu okonda zokweza?"

"Ndinalakwa, Amayi. Munabwera ndi matenda, ine ndinakuyankhirani pawindo ngati mwana. Maliro ndinakhala nawo, koma pepani sindinanene. Pepani."

Munsi unali m'mwamba, ndipo aliyense ankayang'ana munsiwo. Kenako Amayi Jemima anautsamiritsa kukhoma, n'kupukuta manja pachitenje.

"Malemu ankangofuna kugona," anatero. "Mphindi ziwiri zanuzo tengani. Koma ndikaone chimene munaboolera nyumba ya eni ake."

M'nyumba muja anthu asanu ndi awiri anaima chilili osapuma bwino. Masipika analira imodziimodzi, mpaka ya m'siling'i yomaliza. Makina anavomera.

Herbert anachotsa kamaikolofoni. Greyson asanasunthe, Amayi Jemima anali atakhala kale pampando wapakati uja. Greyson anakhala pampando wam'mbali.

Filimu inayamba. Bingu linagunda chakumbuyo, kumanzere, n'kuyenda mpaka kukhomo. Kenako mvula, madontho ochepa kaye, pamwamba penipeni pa mitu yawo. Mmodzi wa a pa bawo anasuzumira panja. Kunali dzuwa la Okutobala.

Abambo Josiah anagwira chipewa chawo. "Yagwa," anatero. "Khalani."

Amayi Jemima anamvetserabe, maso ali kudenga.

"Ndi yomweyi?" anafunsa. "Abambo Josiah, kwanga yotereyi ndakhala nayo zaka zitatu. Yanga imanyowetsa ndi bulangete lomwe."

Aliyense anatembenukira eni nyumba. Iwo anatsokomola, poti tsopano zinali zololedwa.

"Lolemba ndibweretsa malata," anatero.