Malita Asanu Kuseri kwa Chitseko

Ndege ya Yoswa inagwanso. Aka kanali kachinayi masana amenewo, ndipo inagwa monga mwa nthawi zonse: mafuta anatha, injini inatsokomola kawiri, kenako zii, mphuno n'kuloza m'madzi. Yoswa anavula mahedifoni, anapukuta manja pathalauzi, nasuzumira pazenera. Nkhungu ya mu Julaye inali itameza mapiri onse a ku Ntchisi, ngakhale mtengo wa mapeyala wa pakhomo unkangooneka theka.

Bambo wa imvi zake, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ya ku Msakambewa, mkulu wa mpingo wovala jekete ngakhale popita kudimba, kumaseweretsa ndege zankhondo pa laputopu! Aphunzitsi anzake akanadziwa akanaseka mpaka kugwetsa choko. Koma laputopuyo anamubweretsera ndi mwana wake Luckness, amene amakonza makompyuta ku Lilongwe. Anabwera nayo pamodzi ndi kandodo kowongolera kogula pa kaunjika, nati, "Adadi, muzitayako nthawi apa. Kumangokhala duu m'nyumba muno mudzadwala."

Kunyamuka anakudziwa m'sabata imodzi. Kutera kunamutengera mwezi, ataphwanya ndege zokwana kudzaza bwalo la mpira. Zoponya mabomba analibe nazo ntchito. Chimene chinamugwira ndi phunziro lina limene anangolipeza yekha, lomwetsa ndege mafuta ili m'mwamba. Masewerawo amakuika m'mitambo, pansi pali madzi okhaokha, muvi wa geji uli pafupi ndi pofiira. Patsogolo pako pamauluka chindege chachikulu chonyamula mafuta, ndipo iwe uyenera kuchiyandikira chakumbuyo mpaka kachitsulo ka pamphuno pa ndege yako kalowe m'kadengu kolendewera kumapeto kwa paipi yake. Ukatero wamwa, wapulumuka. Ukalephera ukagwera m'madzi.

Yoswa anaphunzira kuchipeza chindegecho, kuchepetsa liwiro, ndi kukhala kumbuyo kwake osagwedera. Koma paipi sinkatuluka. Ankakhala pamenepo mphindi khumi akuyang'ana mimba yotuwa ya chindege chodzaza mafuta, geji yake ikutsikiratsikira. Masabata atatu athunthu! Foni anali nayo, mayunitsi analimo, mwana wake masewerawo ankawadziwa bwino. Koma kufunsa ayi. Iye ndi amene amafunsa anthu mafunso, n'kuwachonga ndi bolopeni yofiira.

Panalinso china chimene sakanamuuza mwana wake. Nthawi iliyonse muvi ukafika pofiira, m'mahedifoni muja, pansi pa phokoso la injini, ankamva mawu. Sanali a Chingerezi ngati a masewerawo. Anali mawu a mkazi wopuma movutikira, otuluka limodzilimodzi: "Bambo a Luckness, imani kwa achimwene."

Mkazi wake Rakele anamwalira zaka zitatu zapitazo. Ankadwala mphumu kuyambira ali mtsikana. Loweruka lina m'mawa chifuwa chinamutseka akusesa pabwalo, mankhwala opopera m'kamwa osaphula kanthu, ndipo Yoswa anamukweza m'galimoto yawo yakale kuti athamangire naye kuchipatala ku Boma. Mafuta anali atasowa m'dziko, geji inali pofiira, ndipo iye ankadziwa. Msewu umadutsa pakhomo penipeni pa Benjamini, mlongo wake wa Rakele, munthu wosasowa petulo chifukwa cha pampu yake yothirira kudimba. Koma awiriwa sankalankhulana. Chifukwa chake n'chochititsa manyazi kuchitchula. Pa ukwati wina Benjamini, atakhuta thobwa, ananena pagulu kuti aphunzitsi amadziwa zonse kupatula khasu, n'chifukwa chake nkhokwe yawo imagona ndi njala Khirisimasi isanafike. Anthu anaseka. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo, koma Yoswa anaisunga zaka ziwiri ngati chimanga cha mbewu.

Atayandikira pakhomopo, Rakele anamugwira mkono nanena mawu aja. Yoswa anati, "Tifika, osadandaula," naponda moto. Galimoto inakazima pachikweza, Boma lisanayambe n'kuoneka komwe. Anathamanga uku ndi uku akukuwa, ndipo pamene wa njinga yamoto anapezeka, Rakele anali atatsamira pazenera, maso ali gwa kunkhungu. Pamaliro Yoswa anauza anthu kuti geji inali yowonongeka, inkanama. Anthu anati tsoka silinunkha, namupepesa. Bodza limenelo analinena kambirimbiri mpaka linasalala pakamwa, koma m'kati linkamudya. Ankaopa Mulungu, ankaopa mwana wake, ndipo mawu a m'mahedifoni aja ankawaopanso. Komabe ankawafuna, poti kunalibe kwina kumene akanamumvanso Rakele akumuitana.

Luckness anafika Lachisanu chakumasana, fumbi lili m'tsitsi. Mawa lake linali tsiku loonetsa chiliza cha amayi ake, abusa anali atauzidwa, azimayi a chigwirizano anali atakonzekera nyimbo, koma mwala wolembedwa dzina unali udakali kwa wosema ku Boma. Mafuta anali atasowanso, ndipo m'galimoto munali ongokwanira kuinyambititsa.

"Mwala wa amayi tikautenga bwanji?" anafunsa atangotula chikwama.

"Ndimaganiza zobwereka ngolo."

"Ngolo mpaka ku Boma n'kubwerako lero lomwe? Ng'ombezo zalakwa chiyani? Si amalume ali ndi petulo?"

Yoswa anatembenukira ku laputopu. Anakhala pampando, navala mahedifoni, ngati mwana wa sukulu wobisala kuseri kwa buku. Luckness anaima kumbuyo kwake akuonerera, ndipo patapita kanthawi anaomba m'manja.

"Eee, adadi, mwafika pa zovutazo? Ndege mukuigwira bwino bwanji! Nanga paipi ili kuti? Mwapempha?"

"Kupempha chiyani? Si akundiona kuti ndafika?"

Luckness anaseka mpaka kugwirira mpando. "Iii, adadi inu! Safunsa anadya phula. Chindegecho sichitulutsa paipi munthu asanapemphe pa wailesi. Mukhoza kuchitsatira mpaka ku Joni." Anawerama nadina batani. Mawu a Chingerezi anayankha nthawi yomweyo, ndipo pansi pa phiko la chindege chija paipi inayamba kutuluka, kadengu kakugwedezeka kumapeto kwake.

Yoswa anangoiyang'ana paipiyo. Masabata atatu akugwera m'madzi, mafuta ali pompo.

"Tsopano musayang'ane kadenguko," anatero Luckness. "Mukakathamangitsa kathawa. Yang'anani chindegecho. Zala zokha, adadi, osati mkono wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kadengu kanamudutsa kumanja. Anabwerera m'mbuyo, kanamudutsa pamwamba. Kachitatu anakagunda, kanamenya galasi la ndege. Muvi unafika pofiira, ndipo mawu aja anabwera, lero pafupi kwambiri, ngati mwini wake wakhala pampando wa kumanzere. Imani kwa achimwene. Yoswa anafuna kuvula mahedifoni, koma mwana wake anali atamugwira paphewa akuti, "Pang'ono, pang'ono, muli pompo." Ulendo wachisanu ndi chiwiri kachitsulo kanalowa. Panayaka kanyali kobiriwira, ndipo muvi wa geji, umene iye ankangoudziwa ukutsika, unayamba kukwera.

Luckness analulutira. Yoswa sanasangalale ngakhale pang'ono. Ankaona muviwo ukuchoka pofiira, ndipo chisoni chinamugwira. Kungotsegula pakamwa basi, ndiye zonse zimene zinkafunika. Anasiya kandodo kaja, ndege inamasuka pa paipi n'kupendekera kumbali, iye osaiyang'ananso.

"Tenga chigubu kukhitchini," anatero. "Tiye kwa amalume ako."

Anayenda pagalimoto, nyali zili zoyatsa dzuwa lisanalowe chifukwa cha nkhungu. Anamupeza Benjamini pakhonde akusankha anyezi. Nayenso anali atakalamba, tsitsi lonse mbuu. Ataona galimoto ija ikuima pakhomo pake anadzuka pang'onopang'ono, anyezi akugubuduka pansi. Analonjerana monga anthu okumana pamaliro. Kenako Yoswa anavula chipewa, chigubu chili kudzanja linalo.

"Alamu, ndabwera kudzapempha petulo. Tikatenge mwala wa mlongo wanu."

"Alipo," anatero Benjamini.

"Musanandipatse, mumve kaye. Nawenso Luckness umve." Yoswa anaika chigubu pansi. "Geji ija sinali yowonongeka. Ndinkadziwa kuti mafuta mulibe. Titafika pano amayi ako anandipempha kuti ndiime, ine ndinakana, chifukwa cha mawu a pa ukwati aja. Ndinanama pamaliro, ndanama mpaka lero."

Luckness anagwira pakamwa. Benjamini sanakalipe, sanatukwane. Analowa m'nyumba, ndipo iwo anamumva akusuntha kanthu kuseri kwa chitseko. Anatuluka atanyamula chigubu chachikasu chokutidwa ndi fumbi ndi ulusi wa akangaude, nachiika pakati pawo.

"Ichi n'chanu, alamu. Chakhala pamenepo zaka zitatu." Anakhala pansi pakhonde. "Tsiku lija mayi a kunyumba kuno anamva pafoni kuti mlongo wanga wadwala. Kuti mafuta mulibe, dera lonse linkadziwa. Ndinathira malita asanu, ndinaima nawo kuseri kwa chitseko ichi, ndikumva galimoto yanu ikutsika. Ndikanatha kutuluka kumsewu n'kukweza dzanja. Koma ndinati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, aime okha aphunzitsiwo, apemphe. Munadutsa. Ndinasuzumira pampata, ndinamuona Rakele pazenera atatembenukira kuno. Njinga ndinali nayo, sindinakutsatireni. Ndinati afika."

Anatsegula chivindikiro. Petulo uja anali atafiira ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake lowawasa, wosathanso kuyendetsa ngakhale pampu. Amuna awiriwo anangomuyang'ana. Kuchokera pamenepo kukafika ku Boma, galimoto ija inkangofuna malita awiri.

Patapita nthawi Benjamini anakatenga petulo watsopano. Yoswa anadula botolo la pulasitiki kuti likhale fanelo, naligwira pakamwa pa thanki, mlamu wake akuthira. Petulo wina anatayikira pa nsapato. Palibe anadzudzula mnzake.

"Luckness, kwera tizipita," anatero Yoswa, osalimba mtima kumuyang'ana kumaso.

Luckness anali ataima pafupi ndi chigubu chachikasu chija. Misozi inali itauma, ndipo nkhope yake inali ya amayi ake yeniyeni. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana amalume ake.

"Pitani awirinu mukautenge," anatero. "Mukaunyamule nokha, musapemphe munthu. Ine m'galimoto imeneyo sindikweranso."

Anawerama, ananyamula chigubu chija, nayamba kuyenda kulowera njira ya kumanda. Nkhungu inayamba yameza miyendo yake, kenako msana, chikasu cha chigubu n'kutsalira pang'ono, kenako nachonso chinazimirira.

Yoswa analiza galimoto. Benjamini anakhala kumanzere, pampando wa Rakele, zipewa zonse zili pamaondo. Muvi wa geji unanyamuka pofiira n'kukwera bwinobwino. Atafika pachikweza chija Yoswa anachepetsa liwiro, natchera khutu pansi pa phokoso la injini, kudikira kuti amve mkazi wake akumuitana, ngakhale momudzudzula. Munalibe mawu alionse. Galimoto inakwera phirilo mosavuta.