Makungwa a M'chikwama

Abale a mwamuna wake ankamutchula kuti "a Dokotala", koma mokoka mlomo. Ntchito yake ku labotale inali kusinja makungwa a mitengo, kuwaviika m'mankhwala, kenako n'kudonthezera madzi akewo pa tizilombo ta malungo tosungidwa m'timbale tagalasi. Zaka zinadutsa osaphula kanthu. Kenako khungwa lina lofiirira linapha tizilombo tonse m'kambalemo, moti tsiku limenelo anafika kunyumba akuvina, nsapato zili m'manja.

Mwamuna wake, wogulitsa matayala, anangomva mbali yokomayo. Zoti mbewa zimene anazimwetsa madziwo zinatupa chiwindi n'kufa, anamuuza kangapo patebulo, iye maso ali pafoni.

Mayiyo ali kumsonkhano mumzinda wina, mwana wawo wamkazi anatentha thupi. Pa nthawi ya tiyi anaimba foni kuti amve.

"Usade nkhawa," anatero mwamunayo. "Ndapeza makungwa ako aja m'chikwama chakale. Ndawiritsa, wamwa kale."

"Abambo ake, chonde, thamangani naye kuchipatala! Pompano!"

"Si iwe unkati amapha malungo? Kapena unkatinamiza?"

Mwamunayo anadula foni. Anadikira mpaka mawa lake kuti aone ngati mankhwalawo agwira, n'kumuwonjezeranso mwanayo kapu ina asanapite naye kuchipatala. Pamene mayiyo ankatsika basi n'kulowa muwodi, anapeza mwana ali pa diripi, maso achikasu, osamuzindikira. Dzuwa lisanalowe, anamwalira.

Pamaliro mwamunayo analira kuposa onse. Aliyense wobwera kudzapepesa, iye ankamugwira dzanja n'kumuuza zomwezo: "Ndinakhulupirira sukulu ya amake. Ine ndine yani kuti nditsutse dokotala?" Anthu ankapukusa mitu, n'kucheukira pakona pamene mayiyo anakhala.

Mayiyo anayesa kamodzi kuyankha. Apongozi ake aakazi anamudula.

"Tatipumitsani, mayi. Mwalankhula mokwanira kumisonkhano kwanuko."

Atabwerako kumanda, nyumba inadzaza anthu ndi fungo la thukuta. Kamwana ka mlamu wake kanamukoka diresi, kakufuna madzi. Anadzuka, natsuka kapu, natunga, n'kugwada kuti akamwetse.

Mlamuyo anatulukira kukhitchini n'kulanda kapuyo. Anakhuthula madziwo pakhomo, anthu onse akuona.

"Pepani a Dokotala," anatero, akunyamula mwana wake. "Ine ndili naye mmodzi yemweyu."