Odwala Amene Mainess Sanawaone

Chaka chimene boma linkagulitsa makampani ake, Mainess anali kumaliza digiri yachiwiri ku yunivesite, pa maphunziro a kayendetsedwe ka ntchito ndi malonda. Chimene chinatsala chinali kafukufuku. Mphunzitsi womuyang'anira, Dokotala Kasoma, anamuuza kuti apeze kampani imene ikufuna kuika ntchito zake mu kompyuta, ayeze mmene ntchitoyo ikuyendera, kenako alembe mmene makinawo angaithandizire.

Mainess sanafunefune kutali. Bambo ake, a Whyson, anali kapitawo wa onyamula matumba pa depoti ina kuseri kwa Kanyama, kumene malole ankatsitsa ndi kupakira shuga, mchere ndi mpunga. Depotiyo inali itangogulidwa kumene. Eni atsopano anaikapo manijala wachinyamata, a Chisala, ndi kompyuta imodzi imene ankaifunda nsalu poweruka kuopa fumbi. A Chisala anavomera msanga, koma anati kafukufuku akatha kampani ilandire buku lake.

A Whyson atamva anaimirira pakati pa nyumba n'kuyamika Mulungu mokweza. Anali mkulu wa mpingo, munthu amene anaphunzitsa mwana wake ndi msana, thumba ndi thumba. Koma atakhala pansi, nkhope yawo inasintha, pakuti pa depotipo panali chinthu chimene sankafuna kuti chilembedwe m'buku.

Zaka zimenezo matenda anali atalowa m'makomboni. Munthu ankayamba kuonda, kutsokomola, kenako thumba la shuga linkamukanika. Onyamula matumba anali ndi njira yawo. Wofooka sankamunenera ku ofesi. Ankamukhazika kuseri kwa mulu wa mchere, kumene mabwana sankafika, n'kumupatsa singano kuti azisoka matumba ong'ambika. Gawo lake ankalinyamula anzake, n'kumapumula nthawi yotalikirapo lole ikachoka. Malinga dzina lake linali pa ntchito, wodwalayo ankalandira malipiro ndi khadi la ku kiliniki ya kampani, kumene mankhwala ankapezeka pamene m'zipatala za boma munali mashelefu okhaokha. Nthawi imeneyo kuseri kwa mchere kunali anthu angapo, ndipo wofooka kwambiri anali a Moven, mnzawo wa a Whyson kuyambira ubwana wawo ku Petauke.

M'mawa wina a Whyson anasonkhanitsa gulu lonse.

"Mwana wanga abwera na nkoloko," anatero. "Azalemba vonse vamene aona, ndipo buku izafika ku ba bwana. Imwe ba kumchere, tengani masiku yanu ya livu, mukapumule kunyumba mpaka asilize. Ise otsala tigwire nchito monga bamuna. Musanichititse nsoni."

Palibe anatsutsa. Ambiri anamuona Mainess akukula, ena anasonkhako ya yunifolomu yake. Anali mwana wa onse.

Tsiku limene anafika, atanyamula wotchi ndi mapepala, anapeza amuna atavala maovolosi ochapa ngati akupita ku Mgonero. Edmond, mnyamata wamphamvu wokonda nthabwala, anamuzungulira akumuyang'ana.

"Ba kapitawo, ni mwana wanu zoona uyu? Nzeru anatenga kuli bamake, imwe munapasako chabe mphuno."

"Iwe, nyamula thumba," anatero a Whyson, akubisa kumwetulira.

"Ba sisi, mulembe bwino za ine: Edmond, makina ya Germany, siifuna dizilo, ifuna chabe banzi."

Onse anaseka, ntchito n'kuyamba. Mainess ankadina wotchi lole ikaima, n'kudinanso thumba lomaliza likalowa. Amuna aja ankathamanga ndi matumba. Tiyi ankamwa chiimire. Lole ikachoka palibe ankakhala pansi. Ankasesa, ankakonza milu, a Whyson akutsogolera nyimbo za kutchalitchi kuti miyendo isafooke. Mainess ankalemba ndi mtima wonyada. Iye ankati akuona anthu a kwawo mmene alili masiku onse.

Kunyumba ankapeza mayi ake, a Anna, akusisita msana wa bambo ndi mafuta otentha.

"Ni ukalamba chabe," ankatero a Whyson, nkhope ili pa mphasa. "Iwe lemba."

Mainess atachoka pa depoti, awiri mwa amphamvu aja anagona sabata yathunthu. Odwala anabwerera kuseri kwa mchere, ndipo ntchito inabwerera m'mayendedwe ake akale.

Kafukufuku anayamikiridwa kwambiri. Dokotala Kasoma anati manambala ake anali oyera, osakayikitsa. Mainess anakhoza, ndipo mpingo wonse unaimba naye. Buku limodzi lachikuto chakuda analipereka kwa a Chisala monga mwa pangano. A Chisala anatenga nthawi zonse zimene Mainess anayeza n'kuzilowetsa mu kompyuta, kuti iziwerengera malole ndi anthu ofunika pa tsiku. Kompyutayo inayankha mogwirizana ndi zimene inapatsidwa: ntchito ya pa depoti inkatheka ndi anthu ochepa kwambiri kuposa amene analipo.

Lamlungu lina atabwera kutchalitchi, a Whyson sanavule jekete. Anaitana Mainess pakhonde, pamene madzi a mvula anali atadikha mpaka pa miyala yopondapo, n'kumuuza zonse: za kuseri kwa mchere, za livu ija, za kuthamanga kuja. Kenako anati a Chisala awalamula kuti mwezi usanathe asankhe anthu ochotsedwa.

"Batate, n'chifukwa chani simunaniuze?"

"Nenze kuopa kuti uzabalemba. Nenze kufunanso kuti utione bwino." Anapukuta kumaso. "Koma usade nkhawa. Nakamba kale na Edmond na banyamata benangu. Beve bali na mphamvu, bangakankhe wilibala ku maliketi. Bavomera kuti nipereke maina yao. Moven na banzake bazatsala, khadi izatsala."

"Manje matumba azanyamula ndani? Muzatsala bang'ono, pakati panu odwala, ndipo kompyuta izafuna liwiro lija. Muzafa, batate."

"Mulungu amene anatisunga mpaka lelo sanagone. Iwe usapiteko ku ofesi. Wamvera? Usapiteko."

Mainess anayankha kuti wamva. Koma mtima wake sunakhale pansi. Manambala aja anali ake, ndipo anali abodza. Ankaona kuti bodza likakonzedwa, palibe amene angachotsedwe.

Anayamba wapita kwa Dokotala Kasoma. Anawapeza akulongedza mabuku m'makatoni, chifukwa anali atapeza ntchito ku Botswana monga aphunzitsi ena ambiri chaka chimenecho. Anamvetsera ataimirira.

"Zimenezi n'zodziwika," anatero. "Anthu akadziwa kuti akuyezedwa amasintha kagwiridwe. Tikanayenera kuzitchula m'mutu wa zofooka za kafukufuku. Inenso sindinafunse, ndipo ndikanayenera kufunsa. Koma buku lasindikizidwa, digiri yaperekedwa. Ukadzalemba nkhani ya m'magazini ya akatswiri udzaikemo."

"Nanga anthu aja?"

Dokotala anayang'ana katoni imene anagwira. "Yesa kulankhula ndi manijala. Choonadi sichipweteka kafukufuku."

Mainess anakwera minibasi mpaka kumafakitale, n'kulowera chipata chakumaso kuti bambo ake asamuone. A Chisala anamulandira mwaulemu, namukokera mpando pafupi ndi kompyuta.

"Ba Chisala, manambala yanga siyali bwino," anayamba. "Masiku yaja bantu benze kugwira kupitirira mphamvu zao, chifukwa cha ine. Si mwamene bagwirira masiku yonse."

"Koma banagwira, si mwamene? Munaona na maso yanu. Ngati banakwanisa pamene muja, bangakwanise na manje."

"Bangakwanise sabata imodzi, osati chaka. Ena banadwala pambuyo pake."

"Ba Mainess, ine nili na ba bwana bamene bafuna manambala. Buku yanu ikamba kuti bantu bang'ono banasiliza nchito yonse, benangu bali pa livu, ndipo palibe lole inachedwa. Nipaseni chifukwa chamene ningalembe."

Apa m'pamene Mainess akanaimirira n'kutsanzika. Koma anali ataphunzitsidwa kuti mfundo ikakanidwa umabweretsa umboni wina, ndipo umboni anali nawo.

"Baja benze pa livu sibanapite mwangozi," anatero. "Ni odwala. Masiku yonse banzao ndiye babanyamulira, n'chifukwa chake gulu ifunika kupumula. Mukachotsa bantu, otsala sibazakwanisa."

A Chisala anatseka buku lakuda lija pang'onopang'ono.

"Odwala bangati?"

Mainess anayang'ana buku lotsekedwa lija, a Chisala n'kupitiriza.

"Balandira malipiro ya onyamula, koma sibanyamula. Ndipo kapitawo aziba." Anapumira m'mwamba, nayang'ana kudenga. "Mukanakhala chabe kunyumba, mayo. Ine nenze n'nasiyira batate banu kuti basankhe beka, sinenze kufuna kuziba vambiri. Na ine nili na mukulu wanga agona ku Chilenje, niziba matenda aya. Koma manje mwaniuza mu ofesi. Ba bwana bakazamva kuti n'naziba n'kukhala zii, nizayenda ndine."

"Napapata, ba Chisala. Muziyese monga sin'nakambe."

"Mwakamba."

Masana omwewo a Chisala anapita okha kuseri kwa mulu wa mchere. Anapeza amuna atakhala pa matumba, singano zili m'manja. A Moven sanalipo, chifukwa tsiku limenelo miyendo inali itakana. Dzina lawo linatchulidwa pamodzi ndi enawo. Mawa lake onse anachotsedwa, ndipo a Whyson anachotsedwa nawo, pa mlandu wobisira kampani.

Mainess anadikira bambo ake pakhomo. Anawaona akubwera dzuwa lili pamutu, akudumpha zithaphwi, ovolosi itakulungidwa m'khwapa. Anagwada m'matope momwemo.

"Batate, ndine. N'napita ku ofesi."

"Niziba."

"Nenze kufuna kukonza."

"Niziba, mwana wanga. Ima, uzaononga chitenge." Anamugwira dzanja n'kumuimiritsa. Maso awo anali ofiira, koma mawu sanakwere. "Bodza n'nayamba ndine. Iwe unakamba zoona pamalo yamene sipafunika. Tonse tizayankha kuli Mulungu, ndipo Iye aziba vamene tenze kufuna." Anapereka ovolosi kwa a Anna, amene anaima pachitseko atagwira pakamwa. "Moven akalibe kumva. Sinifuna amve kuli bantu ba mumseu. Tiye."

"Ine? Bazaniona bwanji?"

"Tiye."

Anayenda m'tinjira ta Kanyama, pakati pa zimbudzi zosefukira ndi timisika ta tomato wowerengeka. Nyumba ya a Moven inali ya chipinda chimodzi, malata ake otsikizidwa ndi miyala. Mkazi wawo, a Petronella, anawalandira n'kuwapatsa tizitulo tokhalira. A Moven anali gone pa matiresi pansi, atafunda bulangete ngakhale kunkatentha. Mainess anawakumbukira ali munthu wamkulu thupi amene ankamunyamula paphewa popita ku Sande sukulu. Tsopano dzanja limene anamupatsa linali lopepuka ngati la mwana.

"Ah, ni Mainess uyu? Wakula, mayo. Tinamva kuti unapasa mayeso. Watichotsa nsoni."

Mainess anaweramitsa mutu. A Whyson anasendera pafupi, nagwira phewa la mnzawo, namuuza mosazungulira kuti ntchito yatha, ya a Moven, ya onse a kumchere, ndi yawo yomwe. Sanatchule amene anapita ku ofesi.

A Moven anatseka maso nthawi yaitali. Atatsegula anati, "Na iwe, Whyson? Pa ukalamba uno?"

"Na ine."

"Tipemphere," anatero a Moven.

A Whyson anapempha Mainess kuti atsogolere. Iye anabisa nkhope m'manja. Ndiye bambo ake anapemphera okha, motsitsa, kupereka m'manja mwa Ambuye odwala onse mmodzimmodzi ndi maina awo, ana awo, Edmond ndi anzake otsala ndi matumba, ngakhalenso a Chisala ndi mkulu wawo wa ku Chilenje. Onse anati ameni.

A Petronella anawaperekeza panja. Atafika pamene wodwala sakanamva, anamasula mfundo ya chitenge n'kutulutsa khadi la ku kiliniki, lopindika m'makona.

"Ba shikulu ba Whyson, mankhwala yasila zulo. Lachisanu ndiye siku yotenga yenangu. Iyi khadi izagwira nchito mpaka kumapeto kwa mwezi, ai?"

A Whyson analiyang'ana khadilo, nayang'ana pansi.

"Bakamba kuti yasila lelo, mulamu."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Analipindanso khadilo mosamala, nalimanga m'chitenge, n'kubwerera m'nyumba chifukwa a Moven anali atayamba kutsokomola.