Chimbale cha Achimwene Hawkins

Katoni ya zimbale za achimwene anga a Hawkins inakhala pansi pa bedi la amayi zaka zisanu ndi zinayi chimwalirireni eni ake. Ndinaitulutsa chaka chino titafuna kupopera nsikidzi. Zambiri zinali zoti munthu angapeze kwina, koma chimodzi, cholembedwa ndi maka yofiira kuti "Ligi ya Kwathu", chinandikhazika pansi.

Amene anakulira ku Zingwangwa cha m'ma 2008 akukumbukira chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba yathu. Munali ma TV awiri amsana aja, makina a gemu ndi mabenchi othyoka miyendo. Gemu ya mpira inali paliponse, koma ya achimwene inali ina. Anataya miyezi pa kompyuta ya mnzawo, kufufuta matimu a ku Ulaya n'kuikamo Zingwangwa, Ndirande, Bangwe. Mzungu wolengeza mpira anamuchotsa ntchito n'kujambulamo mawu awo, m'Chinyanja chathu cha m'tauni, zonyoza ndi zonse. Chimbale chotero chinali chimodzi chokha, ndipo kwina kulikonse kulibe mawu a achimwene.

Ntchito yanga inali yopukuta zimbale. Chikakandika ndinkapaka kolugeti n'kumazunguliza ndi nsonga ya chitenje mpaka chiwale ngati mbale yatsopano. Aliyense ankatero, ndipo ine ndinkadzitama kuti ndili ndi dzanja labwino. Komabe "Ligi ya Kwathu" inali ndi matenda ake. Zingwangwa ikangochinya, mawu a achimwene ankakakamira, "Chigo-go-go-go," osatha, mpaka wina amenye makinawo pamwamba. Amayi sanalowemo n'kamodzi komwe m'chisakasamo, ankati ndi malo ophunzitsira ana ulesi. Ankangokuwa ali pakhonde: "Phoebe, kamenye chinthucho chisanandigonthetse!"

Ndinapita nacho ku Nkolokosa kwa a Gabriel, amene amakonza makompyuta. Iwo ali ndi misala yawo yosunga magemu akale asanawonongeke. Anandifotokozera kuti si kukopera wamba ngati nyimbo pa fulashi. Chimbale amachiwerenga kawiri, ndi madirayivu awiri osiyana, timakina towerengera zimbale, ndipo ulendo uliwonse kompyuta imatulutsa nambala yaitali. Manambala akafanana, ndiye kuti kope lake ndi loona, palibe kanthu kasowa kapena kaonjezereka.

Anachitembenuza n'kuchiyang'ana pa kuwala kwa zenera. Nkhope inasintha.

"Ankapukuta ichi ndani?"

"Ine."

"Mozunguliza?"

"Nanga chinthu chozungulira mumachipukuta bwanji?"

"Kuchokera pakati kupita kunja, sisi. Zolembedwamo zimayenda mozungulira. Mukakanda modutsa, makina amatha kulozera zomwe zasowa. Koma mukakanda motsata njira yake, mwafufuta mzere wonse."

Ndinachita manyazi, ndipo ndinakwiya, osati ndi iwo ayi. Zaka zonsezi ndinkati makinawo ndiwo anali okalamba. Chikhalirecho chibwibwi chija achimwene ndinawapatsa ndine, ndi chitenje changa.

A Gabriel analimbana nacho masiku atatu. Madirayivu onse awiri ankayenda bwino mpaka pafupi ndi mapeto, n'kuyamba kulira pamalo amodzimodzi. Manambala sanafanane. Lachisanu masana anandiitana, n'kundiikira mu laputopu pulogalamu yomwe imatsanzira makina akale aja, pamodzi ndi mafayilo awiri.

"Loyambali ndi momwe chimbale chilili, ndi bala lake," anatero. "Lachiwirili ndakonza. Ndatenga kukuwa kwa chigoli cha timu ina n'kumata pomwe panawonongeka. Kwa ife osunga zinthu limeneli si loona, sindingaliike m'kaundula. Koma amayi anu aikireni lokonzali. Amve mwana wawo akulankhula bwinobwino."

Ndinaona kuti ndi nzeru. Komanso, ndinene zoona, lokonzalo linkabisa mlandu wanga.

Loweruka amayi anali pakhonde akuchapa. Ndinaika laputopu pa tebulo pafupi ndi khomo, n'kutsegula fayilo lokonza lija, n'kukweza mawu. Ndinasankha timu ya Zingwangwa. Zala zinali zitaiwala, moti Bangwe inandichinya zinayi ndisanawoloke n'pakati pomwe, achimwene akundinyoza kuti osewera anga adya mbatata yambiri. Ndinaseka misozi ikutsika. Kenako ndinachinya, ndipo mawu anatuluka osalala: "Chigoli!"

Amayi anaima pang'ono, thovu lili m'manja.

"Mawu ndi akedi," anatero, n'kupitiriza kufikisa kolala ya malaya.

Basi. Ndinayembekezera kuti mwina alowa, koma ayi. Zinandiwawa. Ndinkaganiza kuti ndawabweretsera mwana wawo, koma anangomva ngati munthu akulankhula pa wailesi.

Ndinatsala pang'ono kutseka laputopu. Kenako ndinati ndingoyesa fayilo linalo, ndione kukula kwa chomwe ndinawononga. Ulendo uno ndinasankha kulimbana ndi Machinjiri, yomwe achimwene anaipatsa dala goloboyi wamanja obowoka chifukwa cha mtsikana wa kumeneko amene anawakana. Sipanatenge nthawi. Mpira unalowa.

"Chigo-go-go-go-go..."

"Phoebe, kamenye chinthucho chisanandi..."

Amayi sanamalize. Anali asanatembenuke n'komwe, mawuwo anangotuluka okha. Madzi anasiya kulira m'beseni. Ine dzanja linali kale m'mwamba, pamwamba pa laputopu, ngati ndili ndi zaka khumi ndi zinayi.

Anadzuka pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pa chitenje. Anabwera n'kuima pakhomo, maso ali pa tebulo, achimwene akukakamirabe pa chigoli chawo.

"Ayi, usamenye," anatero amayi. "Musiye alankhule."