Uthenga Womwe Atelala Sanalembe

Atelala ankasokerera timabatani pa kamalaya kachikasu pamene Changu, mng'ono wawo, anadzutsa mutu pa laputopu.

"Achemwali, alowanso maoda ena. Wina akufuna tizipewa, wina kamalaya kamanja aatali. Inu mukapitiriza kusoka ngati mukunyengerera singano, makasitomala atithawa."

"Khungu la mwana wobadwa masiku asanakwane lili ngati pepala lonyowa," anayankha Atelala osayang'ana. "Msoko ukalimba umamucheka. Iwe zako n'zongodinadina ndi chala."

"Kudinako ndiye kukutidyetsa."

Pamenepo Changu sananame. Dzinali analipatsidwa ali wamng'ono chifukwa ankayankha munthu asanamalize kufunsa, ndipo sanasinthe. Kachipinda kawo kanali kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Munali makina osokera awiri, tebulo lodulirapo nsalu, ndi mashelefu odzaza timaphukusi tokonzeka kutumizidwa. Zonsezi zinabwera chifukwa cha mutu wa Changu.

Koma chiyambi chake chinali misozi. Zaka zingapo m'mbuyomo Atelala anabereka mwana wa miyezi isanu ndi iwiri. Anakhala naye m'chipatala akumuonera pagalasi, ndipo m'sitolo zonse munalibe chovala chomukwana. Chaching'ono kwambiri chinkamumiza ngati thumba. Anamusokera okha timalaya pamanja, atakhala pabenchi la m'wodi. Mwanayo sanatuluke m'chipatalamo wamoyo. Anthu anapepesa n'kumwazikana, ena n'kumati adzabereka wina, koma mawu anawatsalira pakhosi. Ndiye anatsegula bulogu, katsamba kawo pa intaneti, n'kuyamba kulemba.

Ankalemba zomwe madokotala alibe nthawi yofotokoza: mmene mtima umadumphira makina akalira, mmene umafinyira mkaka m'kapu pomwe anzako akuyamwitsa, manyazi opanda chifukwa achibale akabwera kudzaona. Amayi ogonera ana awo m'mawodi anayamba kuwerenga pafoni n'kumalemba zawo m'munsi. Atelala ankayankha aliyense. Mwana wa wina aliyense ankamutchula kuti "kamwana kathu," ndipo amayiwo ankawatchula achemwali ngakhale sanaonanepo. Wosowa chomuveka mwana ankamusokera kamalaya n'kumutumizira ulere.

Ulerewo ndi umene unamutopetsa Changu. "Owerenga achuluka, koma matamando salipira lendi," anatero tsiku lina. Anaika zithunzi za timalaya patsamba lomwelo, mitengo m'munsi, ndi kabatani kogulira. Zinayenda. Atelala sanakakamizidwe, tinene zoona. Anakondwa kugula makina achiwiri ndi kusiya kupempha kwa abale. Kungoti manja ndi awiri okha. Kulemba kunayamba kuchepa mpaka kunaleka, ndipo mauthenga onse ankafikira kwa Changu, yemwe ankatolamo maoda n'kusiya enawo kuti achemwali ake adzawerenge akadzapeza mpata. Mpatawo sunkapezeka.

Masana a tsikulo kunamveka odi pakhomo. Anali bambo wamtali wovala ovolosi yokonzera magetsi, tepi yakuda ikuonekera m'thumba. Anamupatsa mpando, koma anangougwira kumsana osakhala.

"Atelala ndinu, mayi?"

"Ndine, bambo. Mwabwera kudzatenga oda?"

"Ayi. Ndine mwamuna wa aphunzitsi aja ankakulemberani ali m'chipatala."

Nkhope ya Atelala inawala. Ankawakumbuka bwino aphunzitsiwo. Anali mayi woseketsa, yemwe analemba kuti mwana wake wafulumira kubadwa chifukwa watengera bambo ake osadikira chakudya kupsa. Anali m'gulu la oyamba kugula sitolo itatsegulidwa, ndipo anakana kupatsidwa ulere. Anagula kamalaya koyera ka timaluwa tobiriwira pakolala.

"Ali bwanji anzanga? Nanga kamwana kathu?"

Bamboyo anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa foni, anaisanthula ndi chala chokhakhala, n'kuwapatsa. Atelala anapukuta magalasi awo n'kuwerenga.

"Moni mayi! Ndine mnzanu Atelala. Patha miyezi itatu chigulireni kwa ife. Kamwana kathu kakula tsopano, eti? Kamalaya kaja sikakukathina? Tili ndi tina tokulirapo, ndipo inu takutsitsirani mtengo. Titumizireni chithunzi tione masaya."

Pansi pake panali wina, wobwera patapita sabata: "Mayi, mwatiiwala? Kamwana kathu kakudikira zovala zatsopano."

"Ine sindinalembe izi," anatero Atelala.

"Mwana tinaika kale, mayi. Sanafike ndi kunyumba komwe."

Kusitolo ya zitsulo wina ankadula chitoliro, ndipo phokoso lake linkadutsa khoma.

Changu ndiye anayamba kulankhula, mawu akuthamangitsana. "Pepani bambo, amenewo ndi makina. Amatumiza okha kwa aliyense amene anagula, ikakwana nthawi yake. Si kuti wina anakhala pansi n'kulembera inuyo ayi."

"Makinawo ndi amene amati kamwana kathu?" anafunsa bamboyo mofatsa.

Changu anazolika.

"Ine sindinabwere kudzakangana," anapitiriza bamboyo. "Akazi anga anali atangoyamba kumene kudya bwino. Anabwerera kusukulu, ifenso tinati mwina tawoloka. Uthenga woyambawo unawapeza m'kalasi. Anasiya choko patebulo, ana akuwayang'ana, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba. Wachiwiriwo ndinaulandira ndine, chifukwa foni ndawalanda. Ndimati ndifunse ngati kukubweranso wina."

"Kwatsala umodzi," Changu anayankha motsitsa mawu. "Ndiufufuta pompano."

"Chomwe ndabwerera n'chomwecho." Bamboyo anabweza foni m'thumba, anafika pachitseko, kenako anatembenuka. "Chikanakhala kuti ndi sitolo wamba, bwenzi atangotukwana n'kuiwala. Koma tsiku lomwe mwana anatisiya, munthu woyamba kumuuza munali inu. Anakulemberani ali pabenchi, ine ndikuthamangira mapepala. Anadikira yankho lanu mpaka analeka kufunsa. Ndiye foni ija italira n'kuona dzina lanu, anamwetulira. Mphunzitsi mnzawo amene anali pafupi ndi amene anandiuza."

Atelala anapempha kuti awalongosolere njira ya kunyumba. Bamboyo anazengereza, koma anawalongosolera.

Atachoka, Atelala anakhala pampando womwe mlendo anaukana.

"Mawu amenewa unawatenga kuti?"

"Pabulogu panu. Ndinakuuzani kuti ndikuika mauthenga okumbutsa makasitomala, inu munati chita zomwe ukuona. Ndimafuna azimva ngati ndinu."

Zinali zoona. Anavomera ali ndi mapini pakamwa, osapempha n'komwe kuti awawerengere. Safunsa anadya phula.

"Uthengawu wapita kwa angati?"

"Kwa onse ogula."

"Nanga oyankha?"

"Ambiri ndithu. Amatumiza zithunzi, amagulanso. Maoda ambiri amene mukusokawa akuchokera kumeneko."

"Ndikufunsa za osayankha, Changu."

Changu anayang'ana pa laputopu kwa kanthawi. "Aliponso ambiri. Ine ndimayesa kuti angosowa ndalama, kapena agula kwina."

"Iwe m'wodi muja sunagonemo. Timalowa ambiri, koma si tonse timatuluka titabereka mwana kumsana. Ife sitigulitsa nsapato za mpira, mng'ono wanga. Amene amagula kwa ife amagula asakudziwa ngati chovalacho chidzachapidwe kawiri."

Changu anayamba kulira, kulira kwa munthu wosazolowera, kopukuta ndi kuseri kwa dzanja. Komabe anayesa. "Ndingathe kusintha mawu. Tingachotse za masayazo, tisiye zofatsa. Tikazimitsa zonse, achemwali, makina achiwiriwa akhala chokongoletsa."

"Akhale. Zimitsa."

"Ndiye tidya chiyani?"

"Tinkadya chiyani kale? Zimitsa, kenako unditsegulire mauthenga aja unkandisungira."

Anali ochuluka moti Changu anachita kufufuza ndi dzina. Wa aphunzitsi unali pakati pa oda ya tizipewa ndi funso la mtengo wotumizira katundu. Unali usanatsegulidwepo.

"Achemwali, kamwana kathu kapita m'mawa uno. Sindinauze ngakhale amayi anga. Tandiuzani, inu munatuluka bwanji pageti la chipatala? Ine miyendo yakana."

Atelala anauwerenga, n'kuuwerenganso. Yankho anali nalo. Analidziwa bwino kuposa msoko uliwonse, ndipo likanawatengera nthawi yochepa kuposa kusokerera batani limodzi. Chisoni chomwe anamva chinali chosakanikirana ndi manyazi, ndipo manyaziwo ndiwo ankapweteka kwambiri.

M'mawa mwake anakwera basi osanyamula kanthu. Anaganizapo zogula shuga, koma anaona kuti chilichonse chochokera m'manja mwawo chioneka ngati malonda. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa kanjira ka mipanda ya malata. Pachingwe panali ovolosi ndi malaya a akulu okhaokha.

Aphunzitsi anatsegula okha chitseko. Anali munthu wamfupi kuposa mmene Atelala ankaganizira, diresi likuwakhuthukira m'mapewa. Patebulo panali mulu wa makope a ana asukulu osachongedwa, cholembera chofiira chili pamwamba.

"Ndine Atelala."

"Ndakudziwani. Chithunzi chanu chili pa sitolo. Lowani."

Anawalozera mpando, koma Atelala anakhala pansi pafupi ndi khomo, monga amakhalira munthu wobwera pamaliro. Aphunzitsi anawayang'ana pang'ono, kenako nawonso anakhala pansi, patali ndithu, atatsamira khoma.

"Ndabwera mochedwa, mnzanga. Ndilibe chonamizira. Uthenga wanu ndauwerenga dzulo. Enawo analemba ndi mng'ono wanga, koma dzina ndi langa, mawu ndi anga, ndipo ndinavomera ndine. Tawazimitsa onse. Pepani."

"Bambo anandiuza kuti ndi makina."

"Ndi makina, koma anawatuma ndi anthu."

Aphunzitsi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sankaoneka okwiya, ndipo Atelala akanakonda akanakwiya.

"Mukudziwa, m'wodi muja tinkapatsirana foni kuwerenga zolemba zanu. Wina akalira tinkati, muwerengereni za achemwali. Mutayamba kugulitsa ena anadandaula, ine ndinakuikirani kumbuyo. Ndinati munthu adye thukuta lake, ulusi sautola pamsewu. Mpaka lero sindikuona cholakwa pamenepo."

"Munandifunsa za pageti," anatero Atelala. "Ine tsiku lija ndinaima pamenepo mpaka mlonda..."

"Ndinatuluka kale, Atelala."

Sananene mwaukali. Anangonena monga munthu wouza mnzake kuti basi yapita.

"Anandigwira dzanja ndi mayi wina wokolopa m'wodi. Dzina lake sindilidziwa. Anasiya ndowa yake pakhonde n'kundiperekeza mpaka pamsewu, osalankhula kanthu."

Atelala anaweramitsa mutu. Anamva bwino lomwe kuti sanatchulidwenso achemwali, ndipo anadziwa kuti sangapemphe kuti dzinalo libwerere. Madzi akatayika saoleka. Anakhala choncho nthawi yaitali, wina uku wina uko, panja ana a oyandikana nawo akuthamangitsana ndi tayala.

Pomaliza Atelala anatsanzika. Aphunzitsi anawaperekeza mpaka pachitseko, monga mwa ulemu, ndipo ali pomwepo anati:

"Ine ndi mphunzitsi, sindikonda funso lotsala losayankhidwa. Munafunsa za kamalaya kaja. Kanamukwana bwino kwambiri, manesi onse anakayamikira. Ndi komwe tinamuveka pomuika." Anapuma pang'ono. "Sikamuthina ayi."

Chitseko chinatsekedwa mofatsa.

Atelala atafika kuntchito anapeza Changu atayala nsalu patebulo, maso ali otupa, akudikira kuti adule maoda a tsikulo. Iwo anadutsa makina onse awiri n'kukhala pa laputopu.

"Ndionetse mayina a onse amene sanayankhe."

"Muwalembera chiyani, achemwali? Simukudziwa n'komwe kuti ndi ati amene ana awo..."

"Sindikudziwa. N'chifukwa chake ndiyamba ndi kupepesa, osati kufunsa."

Changu anatsegula mndandandawo. Unali wautali kupitirira pomwe galasi la laputopu limathera. Atelala anakoka mpando, anavala magalasi, n'kuyamba kulembera mayi woyamba ndi chala chimodzi.